Mano Amakumbuka Kwawo

M'mawa wa Juni pa Dedza
zala zinkakana kupindika.
Ndinkaima pa galasi long'aluka pakona,
kamphira kochepa ngati diso la kambuzi
kali pansonga ya chala,
kuti ndikakole pa kambedza ka dzino la m'mwamba
n'kukakokera ku la m'munsi.
Koyamba kankathawa. Kachiwiri kankagwera m'sinki.
Kachitatu kakagwira, nsagwada inkati: tamva.

Zaka makumi anayi ndi zitatu, mawaya m'kamwa.
Ku ofesi, a Kamtedza anandisuzumira
pamwamba pa magalasi awo:
"Mayi, kuwongola mtengo mpoyamba."
Ndinafuna kuwauza kuti poyambapo
panali fizi ya alongo anga awiri,
panali malata a nyumba ya ku Linthipe,
panali dzina lija la ku pulayimale, Namakasu,
limene linandiphunzitsa kuseka chikhatho chili pakamwa.
Ndisanayankhe, kamphira kanaduka, thapu!
n'kukatera m'buku la ngongole
pa dzina la mlimi wa kachewere amene sanabweze.
Tonse tinafa nacho chiseko.
Ndili pa njira yobwerera m'pamene ndinazindikira
kuti dzanja langa silinakwere.

Chimanga chootcha cha pa depoti ndinkangochinunkhiza.
Nzimbe tinalekana popanda ankhoswe.
Pichesi ndinkachita kuduladula
ngati ndikudyetsa mwana wongoyamba kumera mano.
Mwezi ukatha, minibasi ya ku Lilongwe,
dokotala kukunga waya, kundipatsa kathumba kena:
usana ndi usiku, chotsani pakudya pokha.
Kenaka masiku atatu a phala
ndi mutu wogunda ngati chigayo.

Timphirato ndinkatipeza paliponse,
m'thumba la bulauzi ya Mvano,
pansi pa pilo, pa sopo,
kamodzi m'Baibulo, pakati pa Yobu.

Tsiku lochotsa mawaya lilime linasochera,
likupapasa makoma osalala
ngati mwininyumba wobwera usiku atamusinthira mipando.
Ndinati basi, zatha.
Dokotala anapukusa mutu,
natulutsa kachikombole koonekera ngati madzi oundana.
"Mano amakumbuka kwawo, mayi.
Mukawalekerera, auyamba ulendo wobwerera."

Pa ukwati wa ku Bembeke
ndinakakulunga m'kapepala pambali pa mbale.
Nditabwerako kofupa, tebulo linali yeretu.
Mukanandiona, mlembi wa ndalama za anthu,
chitenje chatsopano, nsapato zazitali,
nditagwada kudzala kuseri kwa holo
ndikufukula mafupa a nkhuku ndi makoko a kabichi,
Ndaziona mwana wanga akuunika ndi foni,
akuti, "Amama, anthu akutiona."
Aone. Ndalama ya mbuzi zitatu ili m'menemu.
Tinakapeza katamatira ku mpunga,
kosasweka, kakuseka kokha popanda mwini.

Tsopano usiku, mphepo ikamatsika m'phiri
n'kumagwedeza mapaini,
ndimatsuka kachikombole ndi madzi ozizira
n'kukakankhira m'malo mwake. Kwapu.
Ndikadumphitsa tsiku limodzi kamathina,
ndipo ndimadziwa kuti dzino lakumanzere lija
layamba kale kumanga katundu.
Sindilikalipira.
Nanenso pali masiku, wina akaloza kamera,
chikhatho chimanyamuka chokha
kufuna kubwerera ku ntchito yake yakale,
ndipo ndimachigwira, n'kuchikhazika pa bondo.

Ndaziona amati ndikavala ndimayankhula
ngati ndavumata mbatata yotentha.
Pemphero la usiku limatuluka lopotoka,
ma "s" onse akutayikira m'mbali.
Iye amaseka m'bulangete.
Ine ndimapitiriza mpaka ameni.

A Kamtedza anapuma ntchito chaka chatha.
Ndinakumana nawo pa msika, akusankha tomato,
anandiyang'ana nthawi yaitali,
kenaka motsitsa mawu, ngati opempha ngongole:
"Kodi dokotala wanu uja,
a zaka ngati zangazi amawalandira?"