Chidindo cha Chala

Mlangizi wa maphunziro anafika Lachiwiri,
njinga yamoto itavala fumbi la ku Bangula,
malaya atakakamira kumsana ndi thukuta.
Ine ndinali pomwepo, poti ndine wa komiti,
ngakhale dzina langa ndimalemba ndi chala chachikulu.

Anayamba ndi zimbudzi. Zinayi.
Chimodzi chinatitimira mvula ya dzana,
ana amachilambalala ngati manda atsopano.
Madesiki sanamuchedwetse kuwerenga.
Atasuzumira mu Sitandade 2
anafunsa Mayi Fombe, ana onsewa ndi angati?
Zana limodzi ndi makumi anayi, bwana,
ena apita kukaingitsa mbalame m’mapira.
Cholembera chake chinapalasa ngati nkhuku padzala.

Anaima pakhoma la Sitandade 6
pomwe pali mzere wofiirira wofika m’chifuwa.
Bwanji simunapake laimu?
Tinangoyang’anana.
Mzerewo ndi siginecha ya Shire.
Chaka chija tinagona m’makalasi muno mabanja makumi asanu,
mbuzi zathu pakhonde, miphika pansi pa bolodi,
ndipo madzi ataphwa a Tchale anayanika mabuku padenga
tsamba ndi tsamba, ngati makakana,
nkumaphunzitsa pansi pa mtengo wa masau
ana akusuntha ndi mthunzi.
Papepala la mlendo panalibe bokosi la zimenezo.

Sindikuikira kumbuyo sukuluyi ngati mwana wopusa.
Mwezi ukatha aphunzitsi amasowa masiku atatu,
ati mzere wa kubanki ku Nchalo.
Phala likaleka kuphikidwa theka la ana limaleka nalo.
Wanga Zuze anakhala zaka ziwiri mu Sitandade 4,
anatulukamo mutu uli gwa,
lero akupalasa kabaza, amawerenga ndalama zokha.
Zimenezo ndinamuuza mlendo, osabisa,
a hedi akundiponda chala pansi pa tebulo.

Koma sanandifunse za thonje.
Mu Julaye ndinapita kumsika ndi mabelo awiri,
Ndaziona ali pambuyo, wanyamula madzi m’chigubu.
Wogula anakoleka belo pasikelo
nkutchula nambala mothamanga, maso ali kwina.
Zaka makumi awiri ndakhala ndikuvomera, chabwino bwana.
Tsiku limenelo kamawu kanatuluka m’khwapa mwanga:
Ayi, muvi uli pa 94, mwalemba 84.
Msika wonse zii.
Munthu uja anaseka ndi mano okha,
nafufuta, nalembanso.
Pobwerera ndinamugulira mwanayo nsapato zapulasitiki,
mchenga wa kuno umawotcha ngati chiwaya.

Ndiye sukulu amaipima ndi sikelo iti?
Ine sindidziwa.
Ya mlangizi si yabodza,
chimbudzi chinatitimiradi.

Dzuwa litafika paliwombo
anatembenuzira pepala kwa ine, natsegula inki.
Dindani apa, bambo Nyamithambo.
Ndinati dikirani pang’ono.
Ndinatuma mwana akamuitane Ndaziona m’kalasi,
anabwera choko chili m’tsitsi.
Ndiwerengere, ndisanaike chala.

Anagwira pepala ndi manja awiri.
Anawerenga za zimbudzi, za madesiki, za khoma,
za aphunzitsi osasainira m’buku.
Mawu achizungu ankawatembenuza yekha
kuti bambo ake amve.
Pamzere womaliza anameza malovu
nati, alemba kuti sukulu yathu ili pansi pa muyeso.

Sanapunthwe ngakhale pa liwu limodzi.

Mlangizi anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.
Anamufunsa, uli Sitandade chani?
5, sala.
Anayang’ana pepala lake kutsogolo ndi kumbuyo
ngati munthu wofuna poika katundu m’bwato lodzadza.

Ndinaviika chala, ndinadinda.
Inkiyo sinachoke mpaka Lachisanu,
ndinalima nayo, ndinadya nayo,
ndipo usiku Ndaziona anandigwira dzanja lomwelo
nkuyamba kundilembetsa N pamchenga.