Phazi Lamanzere la Fermín

Mu La Paz mulibe msewu wogona.
Uliwonse uli chiimire, ngati makwerero oiwalidwa pakhoma,
ndipo galaja yanga ili pamwamba pa umodzi mwa iyo,
pamene mpweya umachepa, injini n'kumapuma wefuwefu
ngati munthu wa mphumu.

Fermín Ticona wabwera kuno zaka makumi awiri ndi mphambu.
Takisi yake yoyera, ya magiya a pamanja,
ndinaisinthira kilachi kasanu ndi kawiri.
Ndinkadziwira fungo asanakhote n'komwe pakona,
fungo la tsitsi lopsa:
ndiye kuti wakweranso ku El Alto
ndi amayi anayi a masiketi otambalala
ndi matumba a mbatata kubuti.
Maola asanu kunsi kwa galimoto, mbale yatsopano,
botolo limodzi la mowa, ngongole mpaka Lachisanu.
Giyabokosi yokha sindinaitsegulepo.
Zitsulo zimenezo zimakalamba ngati bulu,
zimalira, zimanyinyirika, koma zimafika.

Chimene ndinalephera kusintha ndi bondo lake.
Dokotala anamuonetsa chithunzi cha mafupa,
nati mafuta a mumfundo anauma kalekale,
fupa likukhulana ndi fupa linzake.
Fermín anaseka. Anati, ndiye kuti kilachi yeniyeni ndinali ine.

Mwana wake Nélida ndiye anagula inayi, yotuwa,
yotsikira padoko la Iquique, ya otomatiki.
Bambowo anaibweretsa ngati mkamwini wosadziwika kwawo.
Anaizungulira kawiri, nagogoda tayala ndi nsapato,
nandifunsa chapansipansi:
Imeneyi ikamadwala imanena?

Ndinamuuza zoona. Siinena.
Ndinasolola kachitsulo koyezera n'kupukutira papepala loyera.
Taona, oyilo wake ndi wofiira ngati magazi a pachala.
Tsiku limene adzade, n'kumanunkha ngati shuga wopserera,
usadzadikire mawa.
Usamvere amene amati oyiloyu ndi wamuyaya,
chamuyaya kuno ndi phiri la Illimani basi.
Pamtsetse uitsekere giya yotsika, usadye mabuleki.
Pachitunda usaigwirize ndi moto,
imatentha m'kati mwakachetechete
ngati munthu wosunga chakukhosi.
Ikafera panjira, zokankha uiwale,
ana asukulu khumi sangaidzutse,
ndipo ndalama yoitsegulira
ingakwatitse Nélida kawiri, gulu loimba lili pomwepo.

Nanga ubwino wake?
Ubwino wake, ndinatero, ndi wakuti madzulo
udzakwera wekha masitepe a kwanu.

Patha miyezi isanu ndi inayi.
Amabwera Loweruka lililonse, popanda chowonongeka,
kungofuna kuti tione mtundu wa oyilo,
nkhalamba ziwiri zitaweramira kapepala
ngati zikuwerenga zotsatira za kuchipatala.
Akadali wofiira.
Akuti makasitomala amasinza masiku ano, palibe chowadzidzimutsa.
Akuti galimotoyi imaganiza mochedwa,
imasankha giya imene iye sakanasankha,
koma amangoileka,
monga umalekera mwana amene wakula.

Yakale ija ili kuseri, yofunditsidwa lona.
Mnyamata wina akuifuna, ndalama sizinakwane.
Ndikapotokola kiyi imadzuka kamodzin'kamodzi,
ngati yangotsinzina pang'ono.

Dzulo anandiperekeza kumsika wa zitsulo.
Ndinakhala kutsogolo, maso n'kugwera pansi.
Pa roboti iliyonse phazi lake lamanzere limanyamuka lokha
n'kuponda pamene palibe kanthu.
Kapeti yayamba kale kuperepeseka pamenepo.
Dzanja lamanja nalo limachoka pachiwongolero,
kufufuza pambali, kubwerera chimanjamanja.

Sindinalankhule.
Iye anaona kuti ndaona,
nangokweza wailesi.