Loweruka la Zipata Ziwiri

Ndani anaika masewera awiri pa ola limodzi?
Kafunseni akomiti a zipewa zazitali aja.
Ine ndine Wilf Garbutt, wapachipata chabe,
chitini cha makobidi pamwendo, buku lonyowa m'manja,
kuno kum'mawa kwa mtsinje, mumzinda wa Hull.

Besibolo ndi mlendo muno, sanamasule n'katundu yemwe.
Anthu akadafunsana pamabenchi:
nanga womenya uja wataya ndodo, akuthawa chiyani?
Mlendo yemweyo amung'amba pakati,
mwendo wina kwa ife adoko,
wina kutsidya kwa anyamata afakitale ya sopo.

Chipata chinalira kwii, kwii,
mpaka mazana awiri ndi anayi,
kenako zii.
Mabenchi akumtunda ndinawasiyira akhwangwala.

Masewera ali pakati, mphepo inadza ndi mfuu yakutsidya.
Makosi onse anatembenuka.
Nayenso woponya wathu anaima, mpira kumanja, khutu kumadzulo.
Kamnyamata ka kwa Tranmer kanatulukira panjinga, wefuwefu:
Mkanada wawo waumenya mpaka padenga la tchalitchi!
Amuna makumi atatu dzambatu,
kundidutsa osandiyang'ana,
wina nkumafuna ndimubwezere theka la ndalama yake.

Anakapeza mlatho utakwezedwa,
chombo cha malasha chikudutsa mosafulumira.
Anaima pamenepo, mvula ikuwalowa m'makolala,
mfuu kutsogolo, mfuu kumbuyo,
pakuti nthawi yomweyo Stan wathu wamanzere
anazungulira ngodya zonse zinayi, nafika kwawo chokwawa m'matope.
Mapanga awiri avumbwitsa.

Bambo Pocklington anasuzumira m'buku langa.
Lemba chikwi, anatero, anyuzi sawerenga mitu.
Ndinanyambita pensulo.
Ndinawonjezerapo galu wa mlonda, basi,
ziro winayo anaika okha.

Usiku Hilda, mwana wanga, anafika nsapato zili chii,
iye ndiye wapachipata cha kutsidya.
Angati? ndinafunsa.
Zana ndi makumi asanu ndi anayi, ababa,
koma abwana alemba chikwi.
Tinaseka mpaka tiyi kuzizira.
Ndiye mfuu yonse ija?
Ndi malata a fakitale, akuti, amabweza mawu.

Lolemba nyuzi inati anthu zikwi ziwiri.
Lachisanu tsamba lomwelo linandikulungira nsomba ndi tchipisi,
ndipo khamu lonse lija ndinaliona
likusungunuka m'mafuta, m'manja mwangamu.
Mawa ndi Loweruka. Akomiti sanasinthe ola.