Timiyala ta M'khutu

Lolemba, nkhungu isanachoke padoko la Valparaíso,
ndinayatsa nyali ya pathanki.
Pituca sanavumbuluke mumchenga monga mwa masiku onse,
mutu patsogolo, maso tong'o ngati wabadwa kumene.
Anatuluka chammbali,
pendeke!
Kansomba kanga ka rasi, kotalika ngati chala chamkombaphala,
kobiriwira, ka mizere yofiira m'masaya,
kakupalasa ndi chipsepse chimodzi
ngati bwato lotaya nkhafi.

Akati akwere, mchira ndiwo ukutsogola.
Akati atsike, madzi akumulavulira pamwamba
ngati chitsekerero cha botolo.
Kenako gada,
mimba yoyera kuloza kudenga.

Ndinaimbira Ximena wa kusitolo ya nsomba.
"Don Eleodoro, zimitsani pampu yaikulu, madzi afatse.
Yezani mchere.
Mwina ndi kathumba ka mpweya ka m'mimba,
mwina anadzidzimuka usiku n'kudziwomba pagalasi,
msana n'kuvulala.
Nsomba zimenezi zimathawa ndi chithunzithunzi chomwe.
Dikirani masiku khumi.
Zina zimachira. Zina ayi."

Mchere ndinayeza kawiri. Unali bwinobwino.
Ndinakhumudwa nawo,
poti ndinkafuna chinthu choti ndichiloze chala.

Ine kudzandira ndimakudziwa.
Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndinayendetsa chikepe cha paphiri,
kukweza amayi ndi madengu awo a mapeyala,
kutsitsa amalinyero oledzera,
osamva chizungulire ndi tsiku limodzi lomwe.
Chaka chatha ndikumanga zingwe za nsapato
chipinda chinangoti tembenu,
kabati kudenga, ine pansi.
Dokotala anati timiyala ta m'khutu tasuntha,
timiyala tochepa kuposa mchenga wa m'thankimu.
Anati nazo nsomba zili nato.
Ndinaseka tsiku limenelo.

Kuchoka pakhomo panga kukafika kumsewu
pali masitepe zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi.
Kale sindinkawawerenga.

Tsiku lachinayi.
Ndasungunula tinkhanu ta mufiriji, ndativiika m'mavitamini,
ndikudonthezera ndi kapaipi pafupi ndi kamwa lake.
Akulunjika, akuphonya.
Akulunjikanso, akuluma madzi.
Kachisanu, tswa! wagwira.
Ndinaomba m'manja ndekha m'khitchini.

Usiku akafuna kudzikwirira
mchenga ukumukana.
Mutu walowa, mchira watsala panja ukunjenjemera,
ngati kalata yotsamwa pansi pa chitseko.

Mwana wanga Maite anaimba kuchokera ku Antofagasta.
"Bambo, ndi nsomba chabe. Ndikugulirani ina."
Ndinati inde, mwanangu.
Nanga ndikanati chiyani
kwa munthu amene nthaka yake siinamunamizepo?

Tsiku lachisanu ndi chitatu, cha m'ma folo m'bandakucha,
kachivomezi kanadutsa, kaja timakazolowera kuno.
Makapu anayamba kulankhulana m'kabati,
agalu a phiri lonse kuuwa.
Ndinakwawa mpaka pathanki, tochi kukamwa.
Madzi anali atapendekera kumanzere,
nyumba, doko, mzinda wonse kumanzere,
ndipo pakati pa zonsezo, kwa kamphindi,
Pituca anaoneka wowongoka, njo,
yekhayekha m'Valparaíso monse.

Lero ndi tsiku lakhumi ndi chimodzi.
Sanachire. Sanafe.
Ximena akuti chisankho n'changa,
mafuta ogonetsera nsomba kosatha ali nawo m'kabotolo.
Koma m'mawa uno ndamuona akuchita chachilendo:
akaona chakudya sakulunjikanso,
akuyambira patali, n'kubwera mokhota,
kulakwa kwake atakuwerengera kale,
monga ine ndimatsikira masitepe aja,
phewa kukhoma, maso pa chombo chimodzi cha padoko.

Ndapendeketsa mutu kuti ndimuone monga amadzionera.
Timiyala tanga tagubuduka,
khitchini yayamba ulendo wake.
Ndagwira ngodya ya tebulo,
ndikudikira.
Kuseri kwa galasi nayenso akudikira,
diso limodzi kumwamba, lina kumchenga.
Pampu yaikulu ikadali chizimire.