Masitepe a ku Valparaíso

Kuchokera padoko kufika pakhomo panga
pali masitepe zana limodzi ndi makumi anayi.
Kale ndinkawakwera thumba la ufa lili paphewa, mluzu uli pakamwa.
Chaka chatha ndinkawawerenga nditaluma mano,
bondo lakumanzere likukukuta ngati mphero yopera mchenga.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikuyatsa uvuni mzinda uli mtulo,
kukanda buledi, kupaka makeke mkaka wowiritsa ndi shuga.
Nanga wophika n'kupanda kulawa?
Ndinalawa ine, ndinalawa,
mpaka magazi anga anasanduka manyuchi.

Dokotala Maturana anaunika chithunzi cha mafupa pawindo.
"Bondo ili latha, bambo Baldomero. Tiikamo lachitsulo."
Atatembenuza pepala lachiwiri anangoti zii.
Nambala inali naini ndi theka.
Ndinati, "Komatu lero sindinaike kanthu kukamwa!"
Iye anapukusa mutu.
"Nambala iyi siifunsa za lero.
Imakumbukira miyezi itatu yathunthu,
ngakhale zija munadyera mumdima, akazi anu atagona.

"Kudula n'kwanga," anatero, "koma kupola n'kwanu.
Shuga akakwera bala limachedwa kutseka pakamwa,
tizilombo timabwera ngati nyerere zamva uchi,
ndipo tikamanga msasa pachitsulo
mankhwala amangogogoda, osalowa.
Mubwerenso masika."

Ndinatuluka ndikutukwana chamumtima.
Pabenchi yapanja ndinapeza Froilán, msodzi wa ku Caleta,
mwendo uli tantha, ndodo ziwiri zili pambali.
Lake analiika mwezi wa Marichi, analichotsa mu Juni,
mafinya atalowa mpaka pafupa.
"Ndinkabisa maswiti m'sokosi," anandinong'oneza,
n'kuseka kuseka kosafika m'maso.
Usiku umenewo tulo sindinatione.

Eduvigis, mkazi wanga, anagula kope la ana asukulu.
M'mawa uliwonse kubaya chala, kadontho kofiira,
iye n'kulemba nambala ndi pensulo yotafunidwa kumutu.
Mbale yanga inadzaza nyemba, nsomba yowotcha ndi masamba.
Buledi ndinkamupatsa moni chapatali ngati mnansi amene tinayambana.
Kuntchito ndinabwereka lilime la mdzukulu wanga Amaranta:
"Agogo, mwachepetsa mchere."
Ndinagwa kawiri, ndisaname.
Tsiku la ukwati wa mwana wa mlongo wanga
kope lija linandiyalutsa kutacha.

Masika anafika ndi mphepo ya kunyanja.
Seveni ndi kadontho kakang'ono pamwamba.
Dokotala anavula magalasi, nati, "Lachinayi."

Za mpeni sindikumbuka kanthu.
Ndikumbuka usiku wake, namwino Ninoska ndi katochi kake,
kundibaya chala maola anayi alionse.
"Thupi likachita mantha limakhuthula shuga," anatero,
insulini akumuyeza ngati mayi woyeza mchere wa kumapeto kwa mwezi.
Ndinkayang'ana bandeji, kudikira kuti inyowe.
Inakhala youma.
Tsiku lakhumi ndi chinayi anachotsa timawaya tonse,
mzere uli wofiirira, wotsekeka bwino
ngati mphepete mwa chitumbuwa chopinda katswiri.

Bondo latsopano silidziwa dzina langa.
M'mawa limauma, kukazizira limadandaula,
ndipo mtsikana wolimbitsa mafupa amalipinda mpaka ndiitane amayi.
Kope lija silinathe ntchito, tili m'lachitatu tsopano,
pakuti chitsulo chidzakhala m'magazi omwewa mpaka kumanda.

Dzulo ndinakwera masitepe makumi asanu ndi limodzi osapuma.
Ndinakhala pansi, zombo zikulira kumunsi,
fungo la buledi wa Amaranta likundilondola m'kakhwalala.
Malovu anadzaza mkamwa. Ndinameza.
Froilán akuti amuyesanso mwezi wa mawa,
ndamutumizira kope ndi pensulo.
Ndinagwira chitsulo cha m'mbali, n'kudzuka.
Anatsala makumi asanu ndi atatu kudza anayi.