Kasamba Kobiriwira

Idali ndi liwiro laputopu yangayi,
ngati wa kabaza woona apolisi pa Mchesi.
Lero ndikadina imayamba yaganiza.
Kagudumu kamangozungulira, kuzungulira,
ine makadi a ukwati wa Loweruka ali m'mimba mwake,
mkwati akuimba foni kachisanu.

Alamu anati ndi mavairasi. Ndinasesa, osapeza olo mmodzi.
Wa kwaya yathu anati zithunzi zachuluka,
ndinafufuta maukwati atatu ndi chinkhoswe,
anthu onse aja ndi zipewa zawo.
Ndinapemerera fumbi la Kawale m'timazenera take
mpaka chizungulire.
Iyo phee, kuyenda ngati wodwala nyamakazi.

Ku Malangalanga, kuseri kwa ogulitsa matayala,
kuli benchi ya Mwatitha,
sikuludiraiva atatsomeka m'tsitsi.
Sanamasule nati imodzi.
Anandifunsa ngati namwino wa ku Bwaila:
Zinayamba liti?
Imatero pa batire pokha, kapena ndi pa magetsi pomwe?
Ikatentha? Ikangodzuka?
Ndinayankha mwachibwibwi
ngati mayi wosadziwa tsiku limene mwana anayamba kutsokomola.

Anatsegula tsamba loonetsa kugunda kwa purosesa.
Mzere uli pansi, wowonda,
Lingadzi wa mu Okutobala.
Siyikudwala iyi, anatero, ikudzimana.
Mphamvu ilipo, koma wina anaiuza kuti isadye.

Chala chake chinaima pakona, pa chithunzi cha batire,
pomwe pamera kasamba kobiriwira.
Ndinakakumbuka.
Sabata ija magetsi ankabwera pakati pa usiku ngati mbala
n'kuchoka tambala asanalire,
ndine ndinakadina.
Ndinati sunga moto, mwanawe, chepetsa kuwala, yenda pang'ono.
Inamva.
Magetsi anabwerera, ine osabwerera kukaiuza kuti njala yatha.

Anathothola kasambako,
nakweza malire a purosesa kufika kumapeto.
Mzere unadzuka, kenaka n'kugwanso khosi.
Mwatitha anatsonya.
Chaja chanu chili kuti?

Ndinachitulutsa mwamanyazi.
Chenicheni chinapsa tsiku la mphenzi,
ichi n'cha pa msika wa Tsoka,
mnyamata wake analumbira pali amake kuti n'choyambirira.
Anachitembenuza, kuwerenga timalemba ta kumsana:
makumi anayi ndi zisanu.
Yanuyi imafuna makumi asanu ndi limodzi, kudza zisanu.
Mukuiyamwitsa bere louma.
Imalawa, n'kuzindikira kuti sizikwana,
ndiye imadzimanga lamba yokha osakuuzani.

Analumikiza chake, chakuda, chomata ndi tepi.
Fani inapuma mpweya wautali
ngati munthu wotula thumba la makala.
Mzere uja tsonga!
Makadi anatseguka onse pakamodzi,
maluwa, mphete, dzina la mkwati lolakwika chilembo chimodzi
limene ndikanalituma choncho.

Ya ntchito anakana, anati sindinatuluke thukuta,
koma chaja ndinagula, mtengo wake
unandikhalitsa kaye pansi pa benchi.

Mu minibasi ya ku Kawale, laputopu pamiyendo,
yofunda ngati mwana wakhuta,
ndinayamba kuwerenga zanga.
Chichokereni ntchito ku Kanengo
ndimaseka theka, ndimayatsa babu limodzi,
nsapato zabwino zili m'katoni kudikira tsiku losadziwika.
Ndani anandidina kasamba ine?
Kapena n'chaja changa chochepa?
Kondakitala anati tisunthe, tikhale anayi.
Ndinasuntha.

Ndafika, ndakonza dzina la mkwati,
ndatumiza khadi loyamba, lachiwiri.
Lachitatu lili m'njira, thii!
Kawale yense mdima,
ana panja akukuwiza ngati chagoletsedwa chigoli.

Batire ikuti maola awiri.
Makadi atsala makumi atatu.
Kamuvi kanga kaima pakona paja,
pomwe pamamera kasamba.
Ndidina, inde,
koma ndalemba pa chikhatho ndi bolopeni:
akayaka, ukaiuze.