Bisiketi

Kalulu tinamukana tisanalowe n'komwe m'sitolo.
Mwini nyumba salola chilichonse chokumba,
ndipo bwalo lathu kuno ku Kettering
ndi kasimenti kokwana mabini awiri.
Mbira akuti siikhala imodzi,
imadwala kusungulumwa,
gulani ziwiri kapena musagule.
Ndinawerenga za m'chikwama changa chamumtima.

Mtsikana wa ndolo pamphuno
anatukula denga la kanyumba kapulasitiki,
n'kutulukamo kanthu kofiirira, maso ngati mikanda,
kakuyasamula thuu koloko masana.
Zione anasiya kupuma.
Ine ndinaona mbewa yoduka mchira,
ndinaona anyamata a m'mbali mwa msewu wa ku Dedza
akuthamangira basi, mipani ili m'mwamba.
Ndinameza mawu.

"Hamusita," anatero mtsikanayo. "Amakhala yekha.
Mukaika awiri, m'mawa mupeza mmodzi.
Moyo wake zaka ziwiri, zikachuluka zitatu."
Ponena zimenezo anayang'ana ine, osati mwana.

Kanyamako mapaundi khumi ndi awiri.
Khola, gudumu, botolo la madzi, mapepala ogonera,
mchenga wosambira (inde, mchenga wogula)
zinadya malipiro a usiku wathunthu.
Mchemwali wanga pafoni anaseka mpaka kutsamwa:
"Wapita kutali konseko kukaweta ndiwo?"

Zione anamutcha Bisiketi.
Analemba malamulo n'kumata pafiriji:
osamudzutsa masana,
osamupatsa anyezi kapena lalanje,
nkhaka pang'ono ngati chikhadabo,
osamugwira ngati ukutola sokosi.
Sabata zitatu anasunga malamulo ake.
Yachinayi, wochotsa zonyowa pakona ya khola
ndinali ine.

Ndimagwira usiku kunyumba ya okalamba,
kutembenuza Bambo Pritchard maola awiri alionse
kuti msana wawo usachite zilonda.
Tsiku lopuma tulo sindilipeza.
Fili koloko ndimakhala kukhitchini ndi tiyi wozizira,
ndipo uko kuchipinda chochezera gudumu layamba,
kwee, kwee, kwee,
mnzanga wa shifiti wafika pantchito.
Amathamanga mtunda wosafika kulikonse,
akatero amaima, kusuzumira panja
ngati mwina pasintha.
Amalonga njere m'masaya mpaka mutu kukula kawiri
n'kukabisa pansi pa mapepala.
Sindimuseka. Pansi pa bedi langa pali chikatoni
cha nsapato ndi mabulangete otsika mtengo
chodikira kontena ya Disembala.

Januwale anabwera ndi bilu ya gasi.
Ndinazimitsa zotenthetsa nyumba,
tinavala majuzi awiriawiri.
Lachinayi ndikuchokera kuntchito, kunja kudakali mdima,
ndinamupeza atadzipinda pakona, ali zii,
wouma ngati mbatata ya dzulo.
Zione anali asanadzuke.
Ndinayamba kale kufuna kabokosi,
kufuna mawu omuuzira mwana wa zaka zisanu ndi zitatu,
pamene ndevu imodzi inagwedera.

Manja awa amadziwa ntchito imeneyi.
Osafulumira, osaika pamoto.
Ndinamulowetsa m'thumba la yunifomu, pachifuwa,
ndinakhala pansi osavula nsapato.
Ola linatha.
Kenako timapazi tinayi tinakanda,
kamphuno kanatuluka,
n'kundiluma chala mpaka magazi.

Sindinakondwerepo choncho ndi kulumidwa.

Zione anatsika akutikita m'maso.
"Amayi, bwanji m'nyumba mukutentha?"
Ndinati nyama imeneyi siipirira kuzizira,
zinalembedwa pa kapepala ka kusitolo kaja.
Anandiyang'ana, anayang'ana majuzi ake awiri,
sananene kanthu, anakatenga nkhaka.

Kuyambira tsikulo singano ya pakhoma
siitsika pansi pa madigiri khumi ndi asanu ndi atatu.
Bilu ikabwera ndimaitsegula nditakhala.
Bisiketi tsopano ubweya wayamba kupyapyala kumsana,
gudumu amalikwera mochedwa, kutsika msanga.
Zaka ziwiri, anatero mtsikana uja.
Ndimamudulira nkhaka timagawo tating'onoting'ono
ngati mmene ndimadulira tositi ya Bambo Pritchard.